Mtanda wa ku Chipundu ndi amisiri a ku Chipata amene anamanga chipilala chake

Ku Chipundu, m'dziko la Mfumu Chitambo, kuli chipilala cha njerwa chotalika pafupifupi mamita 6, ndipo pansonga pake pali mtanda wamkuwa. Pamalo amenewo ndi pamene panakwiriridwa mtima wa David Livingstone mu Meyi 1873. Ambirife zimenezi tinaziphunzira kusukulu. Chimene sichimveka kawirikawiri n'chakuti chipilalacho chinamangidwa ndi amisiri ochokera kuno kwathu, nthawi imene tauni ino inkatchedwa Fort Jameson, ndiponso kuti mtandawo unaikidwa mochedwa, patapita zaka 75 chimwalirire mwini wake. Mbiri ya malowa ikukhudza mipingo yathu imene ili ndi manda akale a pamishoni. Funso limabuka m'misonkhano ya akulu a mpingo lakuti tichite nayo chiyani mitanda yadzimbiri ndi ziliza zong'ambika, ndipo anthu a ku Chipundu anakumana nalo funso lomweli kangapo konse.

Kumene kuli malowa

Chipundu ili m'boma la Chitambo, m'chigawo chapakati, kum'mwera chakum'mawa kwa madambo a nyanja ya Bangweulu. Wopitako amatenga msewu wa tala umene umapatuka kumpoto kwa Serenje kulowera ku Samfya, ndipo akadutsa pang'ono njira yolowera ku nkhalango ya nyama ya Kasanka amakhotera mumsewu wafumbi. Pali kusokonezeka kumodzi kofala. Mishoni ya Chitambo, kumene kuli chipatala, si malo amene Livingstone anafera. Mishoniyo inayambidwa ndi Malcolm Moffat wa ku Livingstonia patapita zaka zoposa 30, ndipo ili kutali ndithu, kufupi ndi msewu waukulu wopita ku Mpika.

Kuchokera ku Chipata kukafika ku Chipundu, kuyeza molunjika ngati mmene iulukira mbalame, ndi makilomita pafupifupi 300. Pakati pake pali chigwa cha Luangwa ndi mapiri a Muchinga.

Chizindikiro choyamba chinali mtengo

Livingstone anafika pamudzi wa Chitambo kumapeto kwa Epulo 1873 atanyamulidwa pamachila. Malungo ndi kutaya magazi zinali zitamufooketsa kotero kuti sankathanso kuima. Ulendo wake womalizawu unayamba mu 1866, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anaoloka mtsinje wathu wa Luangwa akuchokera cha ku nyanja ya Malawi. Mawu ake omaliza m'buku lake la tsiku ndi tsiku anawalemba pa 27 Epulo. M'bandakucha wa pa 1 Meyi mnyamata womuyang'anira, dzina lake Majwara, anadzutsa Abdullah Susi ndi anzake, ndipo anampeza atagwada pambali pa kama, atamwalira kale.

Anthu a paulendowo anali kutali kwambiri ndi kwawo, m'dziko la eni, ali ndi mtembo wa mlendo. Poyamba anayesa kubisa imfayo poopa mlandu, pakuti imfa ya mlendo pamudzi si nkhani yaing'ono. Chitambo atamva sanawakalipire. Anawalola kumanga misasa kunja kwa mudzi, ndipo iye mwini anabwera ndi anthu ake kudzalira maliro monga mwa mwambo wa Alala. Susi, wa ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi, ndi James Chuma, Myao amene anaomboledwa ku ukapolo ali mwana mu 1861 nakhalako ku Magomero, anagwirizana ndi anzawo kuti thupi alinyamule mpaka kunyanja yamchere. Farijala, amene anagwirapo ntchito kwa dokotala ku Zanzibar, anachotsa mtima ndi zam'kati. Izi anaziika m'chitini nazikwirira patsinde pa mtengo wa mpundu, umene ena amati muula. Thupilo analithira mchere naliyanika padzuwa kwa masabata awiri, kenako analikulunga m'nsalu ndi m'khungwa la mtengo.

Amene anawerenga mapemphero a maliro ndi Jacob Wainwright. Iyeyu naye anali Myao woomboledwa ku ukapolo, ndipo anaphunzira pasukulu ya mishoni ku Nasik m'dziko la India. Ndiye yemwenso anazokota pathunthu la mpunduwo dzina la Livingstone, tsiku, ndi maina atatu a atsogoleri a ulendo: Susi, Manua Sera ndi Chowpere, mwa kalembedwe kake kakekake. Dzina la Chuma, limene lero limatchulidwa koposa, silinalembedwe pamtengopo. Tsiku limene analemba ndi 4 Meyi, pamene mabuku a mbiri amati 1 Meyi. Kusiyana kumeneku kusungidwe m'maganizo, chifukwa tidzabwererako pokamba za manda athu.

Mtanda sanauike. Anazika mizati iwiri yaikulu napingasa mtengo wina pamwamba pake ngati mphuthu za chitseko, naipaka phula la ngalawa kuti chiswe chisadye. Anapempha Chitambo kuti azilambula udzu kuzungulira malowo kuopa moto wa kutchire. Mfumuyo inavomera, koma inawachenjeza kuti Angerezi asachedwe kubwera, chifukwa nkhondo ya Mazitu ikadzafika iye adzathawa, ndipo wina angadzadule mtengowo n'kusema bwato. Mazitu ndi dzina limene anthu a kumeneko ankatchula Angoni. Ife a kwa Mpezeni sitingawerenge mawu amenewo popanda kumwetulira pang'ono, ngakhale kuti kwa Chitambo sanali mawu oseketsa.

Ulendo wa mtembo unatenga miyezi isanu ndi inayi, mtunda woposa makilomita 1,500. M'gululo munali ndi azimai omwe, monga Halima amene ankaphikira Livingstone. Ku Unyanyembe, kufupi ndi Tabora, anakumana ndi Verney Lovett Cameron amene anawalangiza kuti angouika pomwepo, iwo nakana. Anafika ku Bagamoyo mu Febuluwale 1874, ndipo pa 18 Epulo 1874 thupilo linaikidwa mu Westminster Abbey ku London. Mwa onse amene analinyamula kuchokera kwa Chitambo, Wainwright yekha ndiye analipo pamwambowo, ali mmodzi wa ogwira bokosi. Susi ndi Chuma anafika ku Britain maliro atapita, James Young atawalipirira ulendo, ndipo zimene anafotokozera Horace Waller ndizo gwero la zambiri zimene zalembedwa pamwambazi.

Mmene Fort Jameson inalowera m'nkhaniyi

Mantha a Chitambo anali ndi maziko. M'zaka zotsatira mudzi unasamuka, mizati ija inatha, ndipo mpunduwo unayamba kuola. Alendo oyera amene anafikako m'zaka za m'ma 1890, monga Edward Glave ndi Poulett Weatherley, anapeza zilembo zikuonekabe, koma zinali zoonekeratu kuti mtengowo sukhalitsa.

Nthawi yomweyo kuno kum'mawa zinthu zinali zitasintha. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni, Nsingu mwana wa Mpezeni anaphedwa, ndipo kampani ya British South Africa Company inakhazikitsa boma lake. Fort Jameson inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, ndipo dziko la Chitambo linkalamulidwa kuchokera kuno. Mu 1899 Robert Codrington, amene pambuyo pake anakhala mkulu wa bomalo, anapita ku Chipundu, nadula mtengowo, natumiza chigawo cha thunthu chokhala ndi zilembo ku Royal Geographical Society ku London. Chaka chomwecho, pa 5 Julayi, abusa P. J. Smit ndi J. M. Hofmeyr anayamba ntchito ya mishoni ku Magwero.

Kodi Codrington anachita bwino? Anthu amasiyana maganizo. Akanausiya, zilembo za Wainwright zikanadyedwa ndi chiswe ndipo lero sitikanaziona. Koma ndi zoonanso kuti cholembedwa chimene Mwafirika anazokota ndi dzanja lake, chokhala ndi maina a Aafirika atatu, chinachoka m'dziko muno, ndipo Mzambia wofuna kuchiona ayenera kukwera ndege. Ine ndimaona kuti anapulumutsa chinthu, koma eni dziko anatsala manja ali m'khosi.

Mu 1902 Owen Stroud ananyamuka ku Fort Jameson ndi amisiri achikuda kukamanga chipilala pamene panali mtengowo. Tiganizire ulendo wake. Galimoto kunalibe, ndipo njanji inali isanafike ngakhale ku Victoria Falls, kumene inafika mu 1904. Katundu wolemera aliyense ankayenda pamitu ya amtengatenga. Anthuwa anatsika m'chigwa chotentha cha Luangwa, naoloka mtsinje, nakwera Muchinga, ndiye n'kukayamba ntchito. Anamanga ndi njerwa zootcha, napaka simenti yosalala kunja kwake, namatapo zikwangwani ziwiri zachitsulo zochokera ku London. Ntchito yawo yaima zaka zoposa 120 m'dziko la mvula yambiri. Mbiri yofala imatchula dzina la Stroud yekha, ndipo enawo imangowatcha amisiri achikuda. Wainwright mu 1873, ali ndi mpeni chabe, anakumbukira kulemba maina a anzake. Olemba za 1902, okhala ndi mapepala ndi inki, sanachione chofunika.

Chipilalacho chakonzedwa kangapo. Cha m'ma 1935 zikwangwani zoyamba zija zinasinthidwa ndi zina zamkuwa zofanana nazo. Mu 1948 nsonga ya chipilala inaonongeka, ndipo pokonza ndi pamene anaikapo mtanda umene tikuuona lero. M'zaka za m'ma 1950 mpanda wakale unalowedwa m'malo ndi matcheni. Pa 1 Meyi 1973, patakwana zaka 100, Pulezidenti Kenneth Kaunda anatsogolera mapemphero othokoza pamalowo, ndipo anaonjezapo chikwangwani china chokumbukira tsikulo. Bambo ake a Kaunda, David Kaunda, anali mphunzitsi ndi mlaliki wochokera ku Livingstonia, mishoni imene inayamba mu 1875 pokumbukira Livingstone yemweyo. Lero malowa ndi amodzi mwa malo otetezedwa a dziko, ndipo amayang'aniridwa ndi National Heritage Conservation Commission.

Motero munthu woima pa Chipundu akuona ntchito ya mibadwo inayi kapena isanu yosanjikizana. Malo ndi a 1873, njerwa ndi za 1902, zikwangwani ndi za m'ma 1935 ndi 1973, mtanda ndi wa 1948. Palibe m'badwo umene unagwetsa za unzake kuti uyambe pachabe.

Mitanda yosemedwa ku mpunduwo

Zidutswa zina za mtengo uja zinasemedwa mitanda, ndipo iwiri ndiyo yodziwika bwino. Wina uli m'tchalitchi chachikulu cha Anglican cha Christ Church ku Zanzibar, chimene chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo. Msikawo unatsekedwa mu Juni 1873, patangopita milungu yochepa Livingstone atamwalira, ndipo mwala wa maziko a tchalitchicho unaikidwa pa Khirisimasi chaka chomwecho. Wina uli pamwamba pa gome lolalikirapo m'tchalitchi cha St Peter pachilumba cha Likoma ku Malawi, chimene anayamba kumanga mu 1903. Livingstone naye anazikapo mtanda pamanda a mnzake, Bishopu Charles Mackenzie, amene anamwalira pa 31 Januwale 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire.

Kodi mtanda pamanda ndi mwambo wathu?

Funso ili limafunsidwa makamaka m'mipingo ya chikonzedwe, ndipo si lachibwana. Akhristu a m'zaka mazana atatu oyambirira sankaika mtanda pamanda kawirikawiri. M'manda a pansi pa nthaka a ku Roma mumapezeka kwambiri zithunzi za nsomba, nangula, nkhunda ndi mbusa. Mtanda unali chida chonyongerapo akapolo ndi oukira boma, ndipo unayamba kuonekera poyera pambuyo pa mfumu Constantine, amene analola Chikhristu mu 313. Pofika m'zaka za m'ma 1500 anthu ambiri ku Ulaya ankagwadira mitanda ndi kuipsompsona, ndipo okonzanso mpingo anakana mwamphamvu. Katekisma wa Heidelberg wa 1563, pa mafunso 96 mpaka 98, amaletsa kupembedza Mulungu kudzera m'zifanizo, ndipo amakananso maganizo akuti zifanizo zikhale ngati mabuku a anthu osaphunzira. N'chifukwa chake pamanda ambiri a mipingo ya chikonzedwe mumapeza mwala wa dzina ndi vesi chabe, pamene a Anglican ndi a Katolika amakonda mtanda. Kusiyana kumeneku nakonso ndi mbiri. Mukaona chizindikiro cha pamanda akale, kaonekedwe kake kamakuuzani kanthu za mpingo umene unaika malirowo.

Ku Scotland, kwawo kwa Livingstone, kuli chitsanzo chimene chimandigwira mtima. Pamudzi wa Ruthwell pali mtanda wamwala wotalika mamita oposa 5, wosemedwa m'zaka za m'ma 700. Msonkhano waukulu wa mpingo wa Presbyterian utalamula kuti zifanizo zichotsedwe, mtandawo unagwetsedwa mu 1642 n'kusweka, ndipo zidutswa zake zinagona pansi zaka zambiri. Amene anazitola n'kuziimikanso mu 1823 anali mbusa wa mpingo womwewo, Henry Duncan, ndipo mu 1887 anaulowetsa m'tchalitchi kuti mvula isauononge. Chiphunzitso cha mpingowo pa lamulo lachiwiri sichinasinthe m'zaka zimenezo. Anangozindikira kuti kusunga chinthu chakale n'kosiyana ndi kuchipembedza.

Malembo amatithandiza mbali zonse ziwiri. Yakobo anaimika mwala pamanda a Rakele, monga tiwerenga pa Genesis 35:20. Mfumu Yosiya, ili pakati pa ntchito yogwetsa maguwa a mafano ku Beteli, inaona chizindikiro cha pamanda ena nifunsa za icho. Itauzidwa kuti ndi manda a munthu wa Mulungu wochokera ku Yuda, inalamula kuti asawakhudze, ndipo nkhaniyi ili pa 2 Mafumu 23:17-18. Onani kuti anthu a pamudzipo ankadziwa mwini manda, patapita zaka pafupifupi mazana atatu. Koma pa 2 Mafumu 18:4 Hezekiya anaphwanya njoka yamkuwa imene Mose anapanga, chifukwa anthu anali atayamba kuifukizira zonunkhira. Chinthu chakale, ngakhale chochokera m'manja mwa Mose, chikasanduka chopembedzedwa chiyenera kuchoka. Mtanda wa ku Chipundu ndi wopanda chifanizo cha munthu, ndipo ntchito yake ndi kunena kuti amene mtima wake uli pano anali Mkhristu. Sukunena kuti anali wopanda zolakwa. Amene anayenda naye ku Zambezi anamudandaula kuti anali wouma mtima, ndipo njira zimene anatsegula zinadutsamo Uthenga Wabwino pamodzi ndi atsamunda. Koma anadana ndi malonda a akapolo mpaka imfa, ndipo anthu amene anaomboledwa ku ukapolowo ndiwo ananyamula mtembo wake.

Manda athu ndi lamulo la dziko

Mishoni zakale za kuno zinayamba kale lamulo la zinthu zakale lisanakhalepo: Magwero mu 1899, Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905, Nsadzu mu 1908. Ku Msoro kunagona Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wochokera ku Nkhotakota, amene anamwalira mu Febuluwale 1913 atangotumikira kumeneko zaka zochepa. Pamalo ngati amenewa, ndi pamidzi imene panali masukulu oyambirira, pali manda a amishoni, a ana awo, a aphunzitsi, a alaliki ndi a Akhristu oyamba kubatizidwa.

Lamulo la National Heritage Conservation Commission la 1989 limati nyumba, zipilala, manda ndi zina zotero zimene zinamangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito tsiku la 1 Januwale 1924 lisanafike ndi chuma chakale cha dziko. Kuzigwetsa, kuzisuntha kapena kuzisintha popanda chilolezo cha bungwelo ndi mlandu, ngakhale zili pamalo a mpingo. Abale ambiri sadziwa zimenezi, ndipo amaganiza kuti pepala la malo limapatsa mpingo ufulu wonse. Komiti yomanga imene ikufuna kukulitsa tchalitchi kapena kulambula bwalo kufupi ndi manda otere ifunse kaye bungwelo. Manda a pambuyo pa 1924 salowa okha m'gulu limeneli, koma ali ndi eni ake: banja, mpingo, ndipo kumudzi, mfumu. Kwathu kuno munthu salowa kumanda popanda kudziwitsa amfumu, ngakhale cholinga chake chikhale chabwino chotani. Susi ndi anzake anazindikira zimenezi kwa Chitambo.

Adani a mitanda yakale ndi odziwika. Wamtengo amadyedwa ndi chiswe ndi moto wa mu Ogasiti ndi Seputembala. Wachitsulo amadyedwa ndi dzimbiri, makamaka pamene walowera m'nthaka, ndipo masiku ano amazulidwanso usiku ndi ofuna kukagulitsa zitsulo zakutha. Chiliza cha njerwa chimang'ambidwa ndi mizu ya mitengo. Koma mdani amene sitimuganizira ndi ife eni, tikabwera ndi mtima wabwino ndi chitini cha penti. Ndinaonapo pampingo wina achinyamata atakonza tsiku lolambula manda. Anagwira ntchito yotamandika, koma pofuna kuti mitanda iwale anaikwecha ndi bulashi yawaya naipaka penti yakuda yochindikala. Pa umodzi panali zilembo zosazama, zimene agogo ena ankatha kuziwerenga dzuwa likapendeka. Tsiku limenelo zinatha. Ine ndinali m'komiti imene inagula pentiyo, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anaganiza zoyamba walemba.

Tsono ntchito yoyamba ndi kulemba, musanakhudze kanthu. Jambulani chizindikiro chilichonse kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, ndipo foni wamba ikwanira. Jambulani m'mawa kapena madzulo, pamene kuwala kumagwera chammbali, chifukwa zilembo zofufutika zimaonekera bwino nthawi imeneyo. Lembani mawu onse monga alili, osakonza kalembedwe, osasintha tsiku ngakhale mukuona kuti ndi lolakwika. Zimene mukudziwa kuchokera kwina zilembedwe pambali. Wina akanakonza 4 Meyi ya Wainwright kuti igwirizane ndi mabuku, tikanataya umboni wa mmene anthu a paulendowo ankawerengera masiku. Chinenero nachonso ndi umboni: mwala wolembedwa m'Chidatchi kapena m'Chiafrikaans, m'Chingerezi, kapena m'Chinyanja cha kalembedwe kakale umasonyeza nthawi yake ndi amene anauika. Jambulani mapu a manda papepala, mizere ndi manambala, kuyambira pa chinthu chosasuntha monga ngodya ya tchalitchi kapena thanthwe. Mtengo si poyambira pabwino, monga taonera ku Chipundu.

Manda ambiri a Akhristu oyamba alibe dzina. Pali mulu wa miyala, kapena nkhadze, kapena kamtanda kopanda chilembo. Apa ndi pofunika okalamba. Pitani nawo kumanda, kapena ngati sangathe kuyenda, atengereni zithunzi kunyumba. Lembani dzina la wonenayo ndi tsiku limene wanena, ndipo awiri akasiyana lembani zonse ziwiri. Kenako yerekezani ndi mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a maliro amene ali kwa mlembi wa mpingo. Mabuku amenewo nawonso ajambulidwe tsamba ndi tsamba, chifukwa ambiri ali m'makabati momwe mumadontha.

Pa kukonza kwenikweni, pang'ono ndi bwino kuposa kwambiri. Mwala utsukidwe ndi madzi ndi bulashi yofewa, osati asidi kapena mankhwala oyeretsera zovala. Mkuwa ukabiriwira usakwechedwe, chifukwa kubiriwirako kumateteza chitsulo cha m'kati. Njerwa zakale zofewa zimene anamangira dothi kapena laimu sizigwirizana ndi simenti yolimba, imene imatsekera chinyontho m'kati mpaka njerwa zimafumbutuka. Mtanda wachitsulo uchotsedwe dzimbiri lothothoka lokha, ndipo ngati upakidwa, zilembo zikhale zitalembedwa ndi kujambulidwa kale. Wopendekeka uchirikizidwe pamalo pomwepo. Kuzula mitanda yonse n'kuiunjika pamodzi kuti mulambule bwino ndi kulakwitsa kosabwezeka, pakuti palibe amene adzakumbukire kuti uti unali pati. Banja likafuna kumanga chiliza chatsopano, chizindikiro chakale chisatayidwe kudzala. Chikhoza kumangidwira m'chatsopanocho kapena kuima pambali pake. Ndipo udzu ulambulidwe kuzungulira manda mwezi wa Juni kapena Julayi moto usanayambe, ntchito yomweyo imene Chitambo anapemphedwa mu 1873.

Zolemba zonsezi zikhale m'makope awiri, lina pampingo ndi lina ku ofesi ya presibitale, ya sinodi kapena ya dayosizi, monga mwa dongosolo la mpingo uliwonse.

Pali pempho limodzi lokhudza Chipundu penipeni. Amisiri a 1902 ananyamukira kuno, ndipo nkhani za maulendo otere zimasungidwa m'mabanja. Ngati kwanu munamvapo kuti agogo anapita kwa Chitambo kukaumba njerwa, kukamanga kapena kukanyamula katundu wa chipilala cha Livingstone, kauzeni mlembi wa mpingo wanu. Iye alembe dzina la agogowo, mfunda wawo, mudzi ndi mfumu yake, ndi dzina la amene anakuuzani nkhaniyo.